Maikolofoni Yapadera ya Bambo

Lolemba, 3 Juni

Zoimbira zatha! Mavayolini, akuluakulu ake otchedwa machelo, malipenga, ng'oma zija zazikulu ngati migolo, zonse zalowa mu kompyuta ya Makutu. Ndi nyimbo za filimu, ndinazipeka ine, ndipo lero tinali mu situdiyo kuzijambula. Moyo wanga wonse ndakhala ndikupeka tinyimbo ta ana asukulu ndi ta maukwati, lero anthu akuluakulu ovala mataye akudikira dzanja langa kuti ayambe. Ine yemwe! Ndinatsala pang'ono kutembenuka kuti ndione amene akumuyang'anayo.

Makutu ndi amene amajambula mawu. Dzina lake lenileni sindinamvepo munthu akulitchula. Amamva ngakhale mimba ya woimba chitoliro ikalira, ndipo choipa chake amanena.

Chatsala ndi kwaya, Lachinayi ndi Lachisanu. Povuta ndi pamodzi, kumapeto kwa filimu. Mmisiri wa matabwa wa mu filimuyi, amene anasiya kupemphera mkazi wake atamwalira, waima pakhomo pa tchalitchi, dzanja lili pa chitseko. Machelo akulira pansipansi, kenako zii. Akangokankha chitseko kwaya ilowe: "Munandidikira, Ambuye." A Dayirekita (kuyambira lero ndiziwalemba a D., inki ndi yanga) akuti mawu oyamba agwe pomwe kuwala kukulowa pa mpata wa chitseko. Osati patsogolo, osati pambuyo. Amanena izi akugogoda tebulo ndi kiyi wa galimoto.

Kwaya ndi ya kutchalitchi kwathu. Ndinaumirira ndekha. A D. ankafuna oimba aganyu ozolowera situdiyo, ine ndinati toto, nyimbo iyi ndinaipeka ndikumva mawu a anthu amenewa m'mutu mwanga. Ndiye kuti Bambo aimba nawo. Besi wa kumapeto kumanzere, malo awo kuyambira ndisanabadwe.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndinapita kwa Bambo ndi mapepala a nyimbo. Ndinawapeza akusita malaya oyera. Ndinati, "Bambo, sakujambulani nkhope, ndi mawu okha." Iwo akuti, "Mawu otuluka m'malaya okwinyika amamveka okwinyika." Chabwino.

Ndinawafotokozera mmene zikayendere. Aliyense avala mahedifoni, mkatimo muzimveka kachinthu kakugogoda, ko, ko, ko, ndiye muzitsatira kameneko kuti nyimbo iyende limodzi ndi chithunzi. Anati, "Wati bwanji?" Ndinabwereza. Anatembenuza mutu kundipatsa khutu lamanja, labwinoko lija. Atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye tizitsogoleredwa ndi gogomole, aphunzitsi?" Akamanditi aphunzitsi ndiye kuti akundiseka.

Tinayeserera pa tebulo, ine ndikugogoda ndi supuni. Mawu akadalipo, abale. Akatsika pansi kapu imanjenjemera pa sosala. Koma amachedwa. Pang'ono pokha, ngati munthu wotsika masitepe akuyamba wafufuza ndi phazi. Sakumvanso bwino anzawo, ndiye amadikira kaye atsimikize kuti ali pamalo oyenera asanatulutse mawu. Kutchalitchi palibe amadandaula, poti tonse timawadikira osadziwa n'komwe kuti tikudikira. Gogomole sadikira munthu.

Ndinati, "Zili bwino, Bambo." Anandiika malalanje awiri m'chikwama ngati ndikadali kamwana.

Mu basi ndimakumbukira Amayi atangomwalira, Bambo analibe wondisiyira, ndiye ankanditenga kokonzekera kwaya. Ndinkagona pamiyendo pawo, msana nditatsamiza pa chifuwa chawo. Nyimbo ine ndinayamba kuimva ndi msana, makutu anabwera pambuyo.

Lachitatu, 5 Juni

Mutu. Tsiku lonse kukonza mapepala a aluto, omwe sanalakwike paliponse.

Lachinayi, 6 Juni

Mayo ine. Walira mvula walira matope.

Poyamba kunali kuseka. Mayi Fulasiki, aluto wathu wamkulu amene sayenda opanda tiyi, anakana kuti mahedifoni awaphwanyire tsitsi, mpaka anawavala chozondotsa, chogwirira chili pansi pa chibwano. Matenala amajambulana mafoni. Bambo anaima phee m'malaya awo oyera, mapepala m'manja ngakhale nyimbo anailoweza kale.

Kenako vuto lomwe sindinaliganizire n'komwe. Anthu athu akamaimba pemphero amatsinzina! Ndakweza dzanja, ndikuyang'ana, kwaya yonse maso otseka, nkhope zoyera ngati angelo, palibe ndi mmodzi yemwe akundiona. Ndinati tsegulani maso. Sopulano wina akuti, "Nanga tizipemphera tikuyang'ana?" Ndinati lero lokha Mulungu amvetsa.

Atatsegula maso ndiye panaonekera chenicheni. Chitseko chikutseguka pa sikirini, masopulano alowa, aluto alowa, mabesi akubwera pambuyo ngati ngolo yodzaza. Amatsatira Bambo. Anazolowera, sangachitire mwina. Mabesi akachedwa ena onse amabwerera kukawatenga, basi nyimbo yonse yatsalira chithunzi. Tinabwereza, tinabwerezanso, mpaka mmisiri wa pa sikirini uja ndinayamba kumumvera chisoni ndi chitseko chakecho.

Pa nthawi yopuma ndinalowa m'kachipinda ka Makutu, kuseri kwa galasi. A D. osatembenuka n'komwe: "Mdala wa kumanzereyo ndani? Akukoka gulu lonse. Muuzeni akapume."

Makutu anatsokomola. Ndinati, "Ndi bambo anga."

A D. anaika kiyi m'thumba. Si munthu woipa, nkhope inagwa ndithu. Anati pepani, sindimadziwa. Koma anatinso situdiyo tili nayo mawa lokha, zikakanikanso aitana oimba awo aja, kwaya yathu yonse ichoke mu filimu. Anthu amene anapempha tchuthi kuntchito, ena anauza kale abale awo kuti akamvetsere.

Atatuluka, Makutu anayankhula motsitsa. Akuti pali njira. Mawa Bambo tiwaike pakona paokha, kuseri kwa thabwa lotchinga mawu, ndi maikolofoni yawoyawo. Mabesi sawamvanso, ndiye sawatsatira. Posakaniza mawu titsitsa maikolofoni imeneyo mpaka pansi. "Aimba mmene akufunira, mu filimu mulibe. Sadziwa. Timachita kawirikawiri."

Ndinavomera. Msanga kwambiri, ndi chimene chikundipweteka.

Lachisanu, 7 Juni

Ndinawagwira pamkono m'mawa, ndinawatengera pakona. Thabwa limawafika pachifuwa, mutu ndi mapewa zimaoneka. Ndinati, "Bambo, mawu anu ndi apadera, tikufuna tiwajambule paokha kuti amveke bwino." Ndinanena mokweza, kukhutu lamanja, ndiye kwaya yonse inamva bodza langa.

Anayang'ana maikolofoni. Anayang'ana mabesi anzawo uko, malo awo atatsekedwa kale ndi wina. Kenako anandiyang'ana ine, nthawi yaitali ndithu. Anakonza kolala. "Ulemu waukulu umenewu, aphunzitsi."

Ndinathawira kutsogolo.

M'mawa zinali bwinoko koma osati kwenikweni. Mawu a Bambo si oti thabwa lingawatseke, amadutsa pansi ngati madzi. Mabesi amawamvabe pang'ono, n'kumakayika. A D. kuseri kwa galasi kiyi anamutulutsanso.

Titamwa tiyi, kaya chinachitika n'chiyani. Ndakweza dzanja, machelo atha m'makutu, zii uja, chitseko, ndipo kwaya yonse inalowa ngati munthu mmodzi. Tinapitiriza mpaka kumapeto osaima. Ndinaona chinthu chimodzi chodabwitsa: kwaya sinkayang'ana ine. Maso onse anali pakona. Amene amayang'ana dzanja langa anali Bambo okha, ndwii, mahedifoni atawatsitsira m'khosi. Ndinalibe nthawi yoganiza, ndinangoti bola zikuyenda.

Tinajambula kangapo kuti tikhale ndi posankha, konse bwinobwino. A D. anatuluka akuomba m'manja, anagwira chanza aliyense, Bambo anawagwira ndi manja awiri. Mayi Fulasiki analira, tsitsi lili bwinobwino.

Ndinawaperekeza Bambo kunyumba. Tinakwera basi. Ndinafunsa ngati atopa. Anati, "Ayi, kukhosi kuli bwino kwambiri lero." Anayang'ana pawindo njira yonse, mapepala a nyimbo atawapinda pamwendo.

Kwaya yapulumuka. Ndiyenera kusangalala. Ndikumva ngati ndaba m'nyumba ya kwathu.

Loweruka, 8 Juni

Kuchapa. Malalanje aja akadali m'chikwama, limodzi layamba kufewa.

Achimwene anaimba foni. Akuti Bambo akuuza aliyense wodutsa kuti mwana wawo anawapatsa maikolofoni yawoyawo, ena onse akugawana. "Wawasangalatsa mdala, mlongo." Ndinati mpunga ukupserera, ndinadula. Pamoto panalibe kanthu.

Lamulungu, 9 Juni

Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo. Bambo pamalo awo, kumanzere. Anachedwa monga mwa nthawi zonse, aliyense anawadikira monga mwa nthawi zonse, ndipo nyimbo inakoma. Palibe chitseko chimene chinatsekeka.

Potuluka Mayi Fulasiki anandikoka dzanja. "Iwe mwana, bambo ako amakukonda, wamva?" Ndinati ndamva. Ndikuganiza kuti amandidzudzula za pakona paja. Akulondola.

Filimu ikadzatuluka adzakhala mu holo, malaya ositasita, khutu lamanja kutsogolo, kufunafuna mawu awo. Ndidzawauza chiyani? Kuti masipika ndi oipa?

Lolemba, 10 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Ndinapita kwa Makutu kukasakaniza mawu. Pa sikirini yake maikolofoni iliyonse ili ndi mzere wake, wa Bambo uli pansi penipeni. Ndinati, "Tsitsa msanga, ndisaone." Iye anati, "Khalani pansi kaye, mayi." Makutu sanandiuzepo kuti ndikhale pansi.

Anazimitsa mizere ina yonse, anasiya wa Bambo wokha. Anayamba ndi za m'mawa, tisanamwe tiyi. Mawu awo okhaokha m'chipinda monse, akuya, ofunda, ochedwa. Ndinagwira mpando.

Kenako anati, "Izi ndi za titamwa tiyi."

Ndinadikira. Kunamveka malaya akukhwekhwereza. Kenako mpweya, munthu akukoka mpweya wautali, wodzaza chifuwa, ngati aimba chinthu chachikulu. Ndiye zii. Patapita kanthawi mpweya wina. Zii. Mpweya wina. Nyimbo yonse, mzere uliwonse, amakoka mpweya pamalo pake penipeni, osachedwa ngakhale pang'ono, poti dzanja langa amaliona. Koma mawu ayi. Amangogwedeza milomo.

Sanaimbe. Konse kumene tinajambula bwino kuja, Bambo sanaimbe.

Ndiye chimene kwaya imayang'ana pakona chinali chimenecho, mapewa awo. Akakwera, onse akoka mpweya, onse alowa. Mayi Fulasiki anaona. Mwina onse anaona. Wosaona ndinali ine ndekha, wokweza dzanja.

Makutu akuti anazindikira Lachisanu lomwelo, kamuvi ka maikolofoni yawo kamangogwedezeka pang'ono n'kugona. Anasowa pondiuzira. Akuti zaka zonse wakhala akutsitsa anthu mobisa, sanaonepo munthu wodzitsitsa yekha.

Ndinalira, osati kulira kwaulemu ayi, kulira kwa mamina. Makutu anatuluka kukafuna madzi amene anali pa tebulo pomwepo.

Anadziwa kuyambira pomwe ndinawagwira pamkono. "Ulemu waukulu, aphunzitsi." Munthu waimba kwaya moyo wake wonse, ndimati ndingamunamize ndi thabwa? Ndipo akuyendabe m'njira kuuza anthu za maikolofoni yawoyawo, kuti ine ndisachite manyazi.

Makutu atabwerako anafunsa ngati afufute mzerewo. Mwa ntchito yake mpweya wa oimba amauchotsa, umatengedwa ngati zinyalala. Ndinati abwezere pa chitseko paja, ayatse zonse, koma wa Bambo aukweze. Machelo anatha. Mu zii muja munamveka mpweya umodzi, wa munthu mmodzi wokalamba. Chitseko, kuwala, kwaya.

Kenako Makutu anati, "A D. akakana ndiwabisira kiyi."

Lachiwiri, 11 Juni

A D. anamvetsera atapinda manja. Pa mpweya paja anaweramira kutsogolo. "Ameneyo ndi mmisiri? Tinamujambula liti akupuma?" Ndinawauza zoona zake zonse. Anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali, magalasi oyera kale. Anati usiyeni pomwepo, musaukhudze.

Chatsala ndi Bambo. Ndinafika mpaka pa siteji ya basi, ndinabwerera. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndikudziwa. Koma ndikayambe bwanji? Pepani kuti ndinakunamizani? Zikomo kuti munandinamiza?

Lachitatu, 12 Juni

Ndinapita masana nditaweruka, ndi laputopu ndi kasipika kamene Makutu anandibwereka. Akuti mahedifoni ayi, mdala anatopa nawo. Ndinawapeza pakhonde akusoka batani la malaya oyera aja atawavala, ulusi utalowa kale m'singano, kaya anaulowetsa bwanji.

Ndinati ndabwera ndi filimu, kumapeto kokha. Anati, "Eee, tione ntchito ya gogomole." Tinalowa m'nyumba. Ndinaika kasipika pa tebulo, kumbali ya khutu lamanja, ndinakweza mpaka kumapeto. Ndinakhala pafupi nawo pa mpando wautali uja. Mawu onse amene ndinakonza mu basi anathawa.

Mmisiri pakhomo. Machelo. Bambo anagwedeza mutu, akuti awa akudziwa ntchito. Kenako zii, kenako mpweya uja, waukulu, wadzaza chipinda.

Anadzidzimuka. "Ndani ameneyo akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo? Sanamuchotse bwanji?"

Kwaya inali italowa kale. Ndinaimitsa.

"Ndi inu, Bambo."

"Wati bwanji?"

Ndinayandikira khutu. "Ndi inu. Maikolofoni yanu ija. Ndinamvetsera yonse."

Sanandiyang'ane. Anayang'ana singano imene inali ikadali m'manja mwawo, anaibaya bwinobwino pa mkono wa mpando kuti isatayike. Ndinayamba kunena kuti pepani, anakweza dzanja pang'ono, mmene amachitira akafuna kuti matenala atsike. Ndinatseka pakamwa.

Anati, "Ndimachedwa, eti?"

Ndinati, "Pang'ono."

"Amayi ako ankanena zomwezo." Anapukuta m'maso ndi chala chachikulu. Kenako analoza laputopu ndi chibwano. "Bwezera."

Ndinabwezera. Machelo, zii. Mapewa awo anakwera pambali panga limodzi ndi mpweya wa m'sipika, ndipo chitseko chitatseguka anaimba. Mokweza, kapu ikunjenjemera pa sosala. Anachedwa. Ndinatsamira pa chifuwa chawo, batani losamaliza kusoka likundikanda patsaya, ndinawadikira.